Mbuzi ya Pacingwe

Kwathu ku Chiparamba, mvula ikagwa ndipo cimanga cikamera, mbuzi sizilekereredwa ai. Mwini atenga cingwe namanga mbuzi yace, nakhoma cikhomo pamsipu wabwino. Mbuziyo idya, ikhuta, nthawi zina inenepa koposa zinzace; koma idya mozungulira cikhomo, ndipo malire a dziko lace ndiwo utali wa cingweco. Ine amene ndilemba mau awa ndine kalaliki wa Boma mumzinda wa Chipata. Ndinaphunzira pa sukulu ya misyoni, ndiri ndi zaka zopitirira 30, ndibvala taye, ndipo kwathu andiyesa munthu amene zinamuyendera bwino. Akulu anati ulenje umasimba wako. Tsono ndifuna kusimba wanga kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwangotsiriza sukulu, cifukwa ndaona kuti ambiri a inu muli kuthamangira cingwe comwe candimanga ine, ndipo ena simugona tulo cifukwa simunacipeze.

Mlandu wanga ndi uwu. Kuyambira tsiku lija tinakhala pansi m'kalasi loyamba, aphunzitsi, makolo ndi abusa akhala akutiuza mau amodzimodzi: "Phunzira kuti ukapeze nchito, gwira nchito kuti ukapeze ndalama, ukapeza ndalama udzakhala mfulu." Mau awa ali ndi coona cace, koma coonaco ncocepa, ndipo cabisa bodza lalikulu. Sindidana ndi sukulu, pakuti popanda iyo sindikadatha kukulemberani. Sindidana ndi nchito, pakuti ulesi sunadyetsepo munthu. Ndalamanso sindizikana, mcere ndi mankhwala sizigulidwa ndi nzeru. Cimene nditsutsa ndico ciphunzitso cakuti munthu apimidwa ndi mapepala awiri okha, la mayeso ndi la malipiro, ndi kuti amene alibe mapepalawo sali kanthu, ndipo amene ali nao wafika. Ciphunzitso cimeneci camanga onse awiri. Wolephera cammanga ndi manyazi, wopambana cammanga ndi mantha.

Tiyambe tafunsa kumene cingweci cinapotedwa. Makolo athu anali kudziwa nchito zolimba, njala, nkhondo ndi ukapolo. Sindinena kuti anali m'Paradaiso. Koma nchito ya tikiti, yoyamba ndi belu ndi kutha ndi belu, sanali kuidziwa. Mu 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, nawagonjetsa, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwi zambiri. Dziko lalikulu la kuno, la masikweya mailosi 10,000, linali litagwa m'manja mwa kampani yochedwa North Charterland Exploration Company. Mu 1901 msonkho wa nyumba unayamba kusonkhetsedwa, masileni atatu pa nyumba. Ganizani bwino: ng'ombe zapita, nthaka yabwino yapita, ndipo Boma lifuna ndalama, cinthu cosamera m'munda. Mwamuna akadazipeza kuti? Njira inali imodzi, ndiyo kukagulitsa manja ace kwa amene anali nazo.

Motero agogo athu anayenda pansi masabata ambiri kunka ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Ena analowa m'minda ya fodya ya Azungu yozungulira Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata. Pambuyo pace ena analowera ku migodi ya mkuwa. Ena sanabwerenso, ndiwo aja tiwachula machona. Otsala kumudzi anapanikizidwa m'malo ocepa amene Boma linawapatulira, kumene nthaka inaguga cifukwa ca kuculuka kwa anthu, kufikira mu 1941 pamene Boma linagula dziko lambiri la kampani ija niliyamba kusamutsirako midzi. Ndachula izi osati pofuna kudzutsa cidani, koma kuti muone cinthu cimodzi: ndalama sizinafike kuno ngati mphatso. Zinafika ngati ngongole imene munthu ali yense anabadwa nayo, ndipo nchito yolembedwa inali njira yobwezera.

Sukulu inafika nthawi yomweyo. Amisyoni a Dutch anakhazikika pa Magwero mu 1899 ndi pa Madzimoyo mu 1903, ndipo tiyenera kuwayamika, pakuti anatipatsa kuwerenga m'cinenero cathu. Iwo anafuna owerenga Mau a Mulungu. Boma ndi makampani anafuna akalaliki, omasulira ndi akapitao. Mnyamata wodziwa colembera anapulumuka ku khasu la Mzungu, nakhala pamthunzi kulemba maina a anzace okhoma msonkho. Sukulu zapamwamba zinali zosowa zedi, kotero kuti pamene tinalandira ufulu mu 1964, Zambia yense anali ndi anthu ngati 100 okha otsiriza maphunziro a pa yunivesite. Masiku amenewo mwana wa Fomu 2 anali kupeza mpando wa mu ofesi uli kumdikira. Apa ndipo panacokera cikhulupiriro ca makolo athu. Sananame, ananena zimene anaona ndi maso ao. Koma mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo m'zaka za m'ma 1990 makampani a Boma anagulitsidwa, anthu ambiri nacotsedwa nchito. Khomo linacepa, koma ulaliki wa khomolo sunasinthe kufikira lero.

Onani ciwerengero cimodzi cokha. Mu 2002 Boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo mu January 2022 linawacotsanso kufikira Giredi 12. Cimeneci ncabwino, ndipo ndicitamanda. Koma caka comweco ca 2022, pamene Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, amene anafunsira nchitoyo anali oposa 100,000. Ndiye kuti pa anthu khumi ali onse, ngati asanu ndi awiri anabwerera kwao ndi mapepala ao m'manja. Amenewa sanali aulesi kapena olephera. Anamvera zonse zimene anauzidwa, anapambana mayeso, makolo ao anagulitsa ziweto. Ngati njira imene ana onse aikidwapo ifikitsa owerengeka okha, kodi colakwa ciri ndi ana kapena ciri ndi njirayo?

Tsono ndinene za cingwe coyamba monga ndinacibvalira ine. Atate anagulitsa ng'ombe ziwiri za pagoli kuti ndipite ku sukulu yogonera komweko. Kumeneko ndinaphunzira zambiri zokoma, ndipo aphunzitsi ena ndiwakumbukira ndi cikondi. Koma ndinaphunziranso kucita manyazi. Wogwidwa akulankhula Cinyanja anali kupatsidwa cilango, ndipo cilangoco cinali kulima. Taonani nzeru yace! Cinenero ca amai cinasanduka mlandu, ndipo nchito ya atate inasanduka cilango. Mwana wophunzitsidwa cotere zaka zisanu, mudzamuuza bwanji pambuyo pace kuti akonde mudzi wace? Ndinaloweza maina a mitsinje ya ku Ulaya, koma sindinadziwe cifukwa cace munda wathu unaleka kubala popanda feteleza. Pobwera ku chuthi ndinali mlendo pabwalo la kwathu, wosadziwa kumanga ng'ombe pagoli, woopa kudetsa malaya.

Panali cinthu cimodzi cimene mtima wanga unali kukonda, ndico ukalipentala. Ndiri mwana ndinali kukhala tsiku lonse pambali pa mkulu wina wa m'mudzi mwathu, kuyang'ana m'mene anali kupalira matabwa ndi kulumikiza mipando popanda msomali. Nditanena kusukulu kuti ndifuna nchito imeneyi, anandiseka, nati: "Iwe uli ndi mutu wabwino, zimenezo nza olephera." Ndinamvera, ndipo kufikira lero sindidziwa ngati dziko linapindula posinthanitsa kalipentala wokondwa ndi kalaliki wotopa. Anzanga amene tinayamba nao Giredi 1 anasefedwa ngati ufa: ena anatsala pa mayeso a Giredi 7, ena pa Giredi 9. Mwana wa zaka 14 anapatsidwa dzina lakuti wolephera, nalisenza moyo wace wonse, cifukwa ca mafunso a masiku owerengeka. Pakati pao panali oimba, osula, odziwa ziweto, odziwa kuweruza milandu. Pepala silinafunse zimenezo.

Ndipo ife opambana sitinaturuke aufulu. Ng'ombe ziwiri zija sizinalembedwe m'buku liri lonse, koma ndizikumbukira tsiku liri lonse, ndipo abale anga azikumbukiranso. Mwana wophunzira ndiye munda wa banja lonse. Onse analimako, onse ayembekeza kukolola. Sindidandaula pothandiza abale, pakuti ndiwo mwambo wathu wabwino. Koma zindikirani kuti mnyamata wotere sangathe kusankha nchito imene aikonda. Ayenera kutenga iri yonse yobweretsa ndalama msanga, ndipo akaitenga sangathe kuisiya.

Cingwe caciwiri ndico nchito. Tsiku limene ndinalandira kalata yondilemba, amai analuluta, ndipo tinapha mbuzi. Kuyambira pamenepo, Lolemba kufikira Lacisanu, kuyambira 8 koloko m'mawa kufikira 5 koloko madzulo, ine sindiri wanga. Dzuwa lituruka ndi kulowa ine ndiri pakati pa mafailo. Mvula yoyamba, imene kwathu idzutsa mudzi wonse, ine ndiimvera padenga la malata. Maliro akagwa kwathu ndiyamba ndalemba pepala lopempha cilolezo, ndipo munthu wina ayesa ngati wakufayo ali mbale wapafupi kokwanira kuti ndikamlire. Azakhali amene anandilera anaikidwa ine kulibe, cifukwa unali mwezi wotseka mabuku. Kalata imodzi ikhoza kundisamutsa mawa kunka ku boma lina lakutali, ndipo sindidzafunsidwa za munda wanga kapena za sukulu ya ana anga.

Koma cowawa koposa si nthawi ai, ndi pakamwa. Kalaliki aona zambiri. Aona failo ya mai wamasiye iri kugona pansi pa zinzace miyezi yambiri, aona wobwera ndi galimoto athandizidwa msanga koposa wobwera ndi njinga. Aona, natseka pakamwa, cifukwa kunja kwa cipata kuli anyamata mazana ofuna mpando wace. Ndinaphunzira Cingerezi zaka 12 kuti ndikhale ndi mau, ndipo mau amene ndiwanena kawirikawiri ndiwo akuti, "Inde, bwana." Lamulo litilola kupuma pa nchito pa zaka 55, kapena 60, kapena 65. Wolowa ali ndi zaka 25 naturuka ali ndi 60 wapereka zaka 35, ndizo zaka zonse za mphamvu zace. Ndaona akuluakulu otere akubwerera kumudzi ndi mipando ya mtauni, osadziwa malire a munda wa atate ao, ana a abale ao osawadziwa nkhope. Ufulu umene anaulonjezedwa ali ana aulandira maondo atayamba kuwawa.

Cingwe cacitatu, cimene cilimbitsa zinzace ziwirizo, ndico ndalama. Makamaka ndinene ngongole. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndisanalandire malipiro kacitatu, obwereketsa ndalama anali atafika kale pakhomo la ofesi ndi mapepala ao, akumwetulira. Sanafune cikole cina. Cikole cinali malipiro anga a zaka zakutsogolo. Ndinasaina, ndinagula mipando, wailesi ya kanema ndi foni yoyenera munthu wa pa nchito, ndinafoleranso nyumba ya amai ndi malata. Kuyambira pamenepo ndalama zao zidulidwa malipiro asanafike m'manja mwanga. Zotsalazo zikatha pakati pa mwezi, munthu apita kwa akaloba. Ine ndinabwerekapo K1,000 ndi kubweza K1,500 pakutha pa mwezi, khadi langa la ku banki liri m'thumba la mwini ndalama. Mwezi wotsatira dzenje likula, ndipo ubwerera komweko. Ndidyeretu, chire anasowa mbeu.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Munthu wa ngongole sangasiye nchito ngakhale imdwalitse. Sangakane lamulo loipa. Sanganene coona pamaso pa wamkulu. Msonkho wa nyumba unatha kale, ndipo palibe mesenjala wobwera m'mudzi kudzafunsa citupa; koma cimene msonkho unacita kwa agogo athu, ngongole icita kwa ife. Kusiyana kwace nkwakuti agogo anamangidwa mokakamizidwa, pamene ife tipereka khosi tokha, ndi colembera cimene tinaphunzira kugwira kusukulu. Ndipo musayese kuti ici nca mtauni mokha. Mlimi wa thonje kapena wa fodya amene alandira mbeu ndi mankhwala pa ngongole alima m'munda wace, koma mbeuyo iri ndi mwini isanamere, ndipo mtengo auchula ndi wogula. Mu 2012 mtengo wa thonje unagwa pafupifupi ndi theka, ndipo alimi ambiri a kuno kum'mawa anagwira nchito caka conse kuti abweze ngongole cabe.

Ndidziwa zimene ena a inu muli kunena: "Awa ndi mau a munthu wokhuta. Iye adya katatu pa tsiku. Ife tikhala m'tinyumba ta ndalama za pafoni kuyambira m'mawa kufikira usiku, ena tinyamula anthu panjinga m'miseu ya Chipata. Atipatse mpando wacewo aone ngati tidzaukana." Mwanena zoona, ndipo sindikutsutsani. Umphawi si ufulu. Ndico cingwe cacifupi koposa zonse. Ndiri ndi msuweni wanga amene sanapite patali ndi sukulu. Anaweta ng'ombe za munthu wina zaka zinai, monga acitira anyamata ambiri kuno, nalandira ng'ombe yaikazi imodzi. Lero ali ndi khola lace, ndipo palibe amene amuimbira belu. Nthawi zina ndimsirira. Koma pogulitsa mbeu zace sangathe kuwerenga sikelo kapena pepala limene ampatsa, ndipo ambera iye akuyang'ana. Cilala ca 2024 citapsereza cimanga, anadza kwa ine kudzapempha ufa. Iye ali ndi cingwe cace, ine ndiri ndi canga.

Wina adzati: "Ngati nchito iri yowawa cotere, bwanji osaisiya?" Yankho langa ndi la manyazi, koma ndi loona: sindingathe. Ngongole yanga isanathe, ana a mlongo wanga ali pasukulu, amai afuna mankhwala mwezi ndi mwezi, ndikasiya ndigwetsa anthu khumi. Yankho limeneli ndiwo umboni wa zonse ndanenazi. Munthu amene sangathe kucoka pamalo, ngakhale pamalopo pali msipu wotani, musamuche mfulu.

Kwa inu atsikana ndinena mosiyana pang'ono. Kwa mwana wamkazi wa kumudzi, sukulu kawirikawiri ndiwo mpeni wodulira cingwe cina coipa koposa, ndico kukwatiwa ali mwana. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pathupi aloledwa kubwerera kusukulu atabereka, ndipo mu 2023 lamulo linakhazikitsa kuti ukwati wa munthu wosafika zaka 18 suli ukwati, ngakhale ukhale wa mwambo. Gwirani zimenezi ndi manja awiri. Munthu asatenge mau anga ndi kukauza mwana wace wamkazi kuti sukulu iribe nchito. Sindinena kuti phunzirani pang'ono ai. Ndinena kuti phunzirani kwambiri, koma dziwani cimene muphunzirira.

Sindidzakuuzaninso mau aja okondedwa ndi anthu a m'maofesi, akuti "Bwererani kumunda." Mau amenewa tinawamva kale. Mu 1975 Boma linatsegula malo okhazikitsirako acinyamata kumidzi kuti azilima moyang'aniridwa ndi asilikali a National Service, ndipo ambiri anathawako. Munthu wobvala taye alibe nkhope youzira mnzace kuti akagwire khasu limene iye analithawa. Ulimi wokakamiza ndi cingwe cinanso. Ufulu umene ndinena ine suli kumunda kokha kapena mu ofesi mokha. Ufulu ndiwo kukhala ndi njira zoposa imodzi, kotero kuti ukanena kuti inde, unena cifukwa wafuna, ndipo ukafuna kunena kuti iai, ana ako sagona ndi njala.

Nanga ticite ciani? Coyamba, pambali pa pepala lanu phunzirani nchito ya manja, ndipo musacite nayo manyazi. Kumanga, kuwocerera zitsulo, kusoka, kukonza mapampu ndi magetsi a dzuwa, kuweta nkhuku, kulima dimba: nchito izi palibe angakucotseni ndi kalata. Mu 2022 ndalama za citukuko za dera la phungu ali yense zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo gawo lina linapatulidwa kuti lilipirire acinyamata ofuna kuphunzira nchito za manja. Pitani mukafunse kwa a komiti ya citukuko ya m'dera lanu. Safunsa anadya phula. Kalaliki wodziwa kupala matabwa aimirira mosiyana pamaso pa bwana wace, pakuti adziwa kuti mpandowo si moyo wace wonse.

Caciwiri, mukapeza nchito, musasaine pepala la ngongole m'zaka zoyamba, ngakhale anzanu akusekeni kuti mugona pamphasa. Kugona pamphasa yako kuposa kugona pabedi la wobwereketsa. Ngati mubwereka, bwerekani cogulira cinthu cobala, monga ng'ombe, makina kapena malo. Musabwereke cogulira ulemu. Musanasaine, werengani ndalama zonse zimene mudzabweza kufikira mwezi wotsiriza, osati za mwezi umodzi zokha zimene akuonetsani. Masamu amene munaphunzira zaka 12 agwire nchito pa tsiku limenelo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Malipiro a caka camawa simunawaone.

Cacitatu, musataye malo a kwanu kapena anthu a kwanu. Pitani kumaliro, dziwani malire a munda, lankhulani ndi amfumu, bzalani mitengo ngakhale mukhala mtauni. Munthu amene ali ndi kobwerera saopsezedwa msanga. Ndipo gwirizanani. Mlimi mmodzi sangakangane ndi wogula thonje, kalaliki mmodzi sangatsutse cosalungama. Koma mutu umodzi susenza denga. Anchito a ku migodi ya mkuwa ananyanyala nchito mu 1935 ndi mu 1940, ena nafa ndi zipolopolo, ndipo pofika 1949 anali ndi bungwe lao lowalankhulira. Zabwino zimene wanchito ali nazo lero sizinagwe kumwamba.

Cacinai, sungani kanthu kena m'moyo wanu kosagulitsa. Werengani buku limene simudzalembapo mayeso. Imbani, bvinani, lembani mbiri ya mudzi wanu agogo asanapite nayo kumanda. Sukulu inatizoloweza kufunsa pa cinthu ciri conse kuti, "Kodi cidzabwera pa mayeso?" ndipo nchito yatizoloweza kufunsa kuti, "Kodi cilipira zingati?" Munthu amene mafunso ace ali awiri okhawa wasauka, ngakhale akhale ndi nyumba ya magalasi.

Kwa makolo ndipempha kuti muleke kuyesa mwana ngati munda wa thonje. Mphunzitseni cifukwa ndi munthu, ndipo akabwera wopanda nchito musamlandire ngati mbala imene yadya ng'ombe zanu. Kwa aphunzitsi ndipempha kuti khasu lisakhalenso cilango, ndi kuti mwana wokonda nchito ya manja asachedwenso wolephera. Kwa akulu a Boma, amene ndiwatumikira mokhulupirika, ndinena mwaulemu kuti kutsegula makomo a sukulu ndi theka la nchito. Theka linalo ndilo kuona kuti woturukamo ali ndi kopita, ndi kuti obwereketsa ndalama asadye malipiro a anchito anu asanawagwire.

Ine ndacedwa, koma sindinataye mtima. Ngongole yanga yatsala zaka ziwiri, ndipo ndalumbira kuti sindidzasainanso ina. Loweruka liri lonse limene ndipeza mpata ndikwera galimoto kunka ku Chiparamba. Mkulu uja wa matabwa akali moyo, ngakhale maso ace afooka, ndipo wabvomera kundiphunzitsa. Anthu aseka poona kalaliki wa Boma atabvula taye, ali ndi utuci m'tsitsi, akudzudzulidwa ngati mwana cifukwa wapala thabwa mokhota. Mpando wanga woyamba unapendekeka, ndipo amai aukhalira cifukwa ca cifundo cabe. Mwana wanga wamwamuna, amene ali Giredi 4, ndipita naye, ndipo agwira kale sowo bwino kundiposa. Adzaphunzira sukulu kufikira pamene mutu wace ufuna. Koma sindidzamuuza kuti pepala ndilo ufulu.

Inu muli ndi cinthu cimene ine ndiribe: simunasaine kanthu. Masiku ano a kudikira muwayesa tsoka, ndipo ndi owawadi. Koma khosi lanu likali lopanda cingwe. Musanalipereke, yang'anani bwino amene agwira nsonga inayo, muyese utali wace, ndipo mufunse tsiku limene adzakumasulani.